Tayi wa Zakeyu ndi Makina Odulira Nyama

Sendererani pafupi, ana anga, mumve kumene unachokera mwambi munandifunsa uja. Unayamba motere.

Ku Kawale kunali bambo wina dzina lake Zakeyu Kamtedza, munthu wokonda kutamandidwa koma wouma manja. Tsiku lina mkazi wake, Nangondo, anamuuza kuti makolo ake abwera Loweruka kuchokera ku Mitundu, kudzaona nyumba ya mkamwini wawo kwa nthawi yoyamba.

"Bambo, tigule mbuzi. Akubwera anthu asanu ndi atatu."

"Mbuzi yachiyani?" anatero Zakeyu. "Vuto lanu amayi ndi kadulidwe. Mumadula nthuli ngati zibakera. Ine ndaona makina odula nyama mopyapyala ngati pepala. Kilo imodzi yokha, aliyense nthuli khumi! Apongozi akasimba kumudzi kuti kwa Zakeyu nyama amachita kuisiya m'mbale."

Anapita kumsika wa katundu wakale. Wogulitsa anamuonetsa makina awiri: ena aang'ono opukusa ndi dzanja, ena aakulu amagetsi, onyezimira ngati galimoto ya ukwati.

"Aang'onowa ndi akuthwa, achimwene. Aakuluwa mpeni wake unabuntha, ukufunika kunoletsa. Komanso safuna nyama ya mafupa, ndipo muziyamba mwaiumitsa mufiriji."

"Ndakufunsa?" anatero Zakeyu. "Apongozi akaona kuthwa kapena kunyezimira?"

Anasenza aakuluwo. Atafika kunyumba anasonkhanitsa mipeni yonse n'kukaipereka kwa wogula zitsulo zakutha. Nangondo atadandaula, iye anayankha, "M'nyumba ya makina simukhala mipeni."

Loweruka masana alendo anafika, koma anali asanu ndi anayi. Woonjezerayo anali mkulu wina wa jekete lazigamba, a Nthondo, wometa anthu pamsika wa Mitundu. Anakumana ndi apongoziwo m'minibasi, ndipo iwo anangoti, "Tiyeni mukamweko madzi kwa mwana wathu."

Zakeyu anawakhazika pa njerwa pafupi ndi chipata, n'kunong'oneza mkazi wake, "Awo sindinawaitane. Muwapatse msuzi wokha."

Ndiye anaika makina patebulo pakhonde kuti aliyense aone, iye atatchena tayi wofiira wofika pamchombo. Anadina batani. Vuuu! Alendo onse kukamwa yasa.

Koma nyama ija inali ya ng'ombe yokalamba, yofunda, fupa lili pakati. Mpeni wobuntha unangoinyambita n'kuikankha. Zakeyu anawerama, nakankha ndi manja onse awiri. Anaweramanso. Nsonga ya tayi inakhudza chitsulo chozungulira chija.

Kwapu! Chibwano patebulo, gu!

Nangondo anathamanga n'kuzula nthambo ya magetsi. Makina anaima, koma tayi anali atakulungika kale m'kati, mfundo yake itamanga pakhosi kuti ndi. Zakeyu anangoti maso tong'o, mbuyo ataloza kwa alendo.

Apongozi aakazi, amene anakhala pamphasa atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, anasuzumira pang'ono. "Mwana wanga, unakwatiwa bwino. Taonani ulemu wake, chiweramire!"

Apongozi aamuna anaomba m'manja. "Zikomo, zikomo akamwini. Mutha kudzuka tsopano."

"M-mpeni!" anatero Zakeyu, mawu ngati a tambala wogwidwa pakhosi.

"Uti, bambo?" anafunsa Nangondo. "M'nyumba ya makina simukhala mipeni."

Komabe mkazi ndi mkazi, anayesa kumasula mfundo ndi zala. Inakana. Anayesa ndi mano, anayesa ndi supuni. Alamu ake a Zakeyu anamukoka miyendo, mfundo n'kumangirako. Nkhope inayamba kuda ngati biringanya, ndipo kuseka kunatha.

Apo a Nthondo ananyamuka pa njerwa paja, osafulumira. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kansalu, anakafunyulula. M'katimo munali kalumo kakang'ono, kachikale, kopanda kunyezimira kulikonse. Anakapalasa kawiri pa lamba wawo.

"Musagwedezeke, bwana. Apa m'pafupi ndi kholingo."

Tswe! Zakeyu anagwa chagada, kachidutswa ka tayi kali lende pakhosi, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu.

A Nthondo anapempha madzi otentha, anatsuka kalumo kaja bwinobwino, n'kudula nyama yonse mwaukhondo. Zinatuluka nthuli zisanu ndi zinayi, zazing'ono koma zooneka, za alendo asanu ndi atatu ndi mwini nyumba.

Pogawa ndiwo, Nangondo anagwada pafupi ndi mwamuna wake n'kufunsa mokweza kuti onse amve, "Paja bambo munati agogowa tiwapatse chiyani?"

Zakeyu anameza malovu, ndipo anamva kuwawa pomeza.

"Ndinati... muwapatse nthuli yanga. Ndi mpando wanga."

Tsiku limenelo amene anadya msuzi wokha, atakhala pa njerwa, anali Zakeyu. Apongozi sanaleke kumukonda, poti chitsiru chovomera chimakhululukidwa msanga. Koma potsanzika, apongozi aamuna anayang'ana makina onyezimira aja, anayang'ana a Nthondo akutokosa m'mano, n'kupukusa mutu.

"Akamwini, wobwera osaitanidwa musamamukhazike pa njerwa. Mwaona nokha: mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."