Zengerezu ndi Msonkho wa Pikapu

Mwambi wa Zengerezu udayamba motere, anyamata inu a kabaza, ndipo poti mvula yakutsekerezani m'shedi yangayi, khalani pa mabenchipo mumve. Madengu a tomatowo musawatsamire. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wa makolo akalekale. Asiyeni anene. Ine mwini wakeyo ndidamuona ndi maso angawa, ndipo katundu wanga adaolera m'galimoto yake.

Dzina lake lenileni lidali Edisoni Kachigamba, wa pompano pa Bembeke. Adali ndi pikapu yoyera imene inkatinyamulira tomato ndi mbatatesi kupita nazo ku tauni. Ndikuti yake chifukwa ndiye ankagwira chiwongolero, koma idagulidwa ndi ndalama za nkhumba za mkazi wake, Nangozo, mayi wolimbikira amene adagwa m'banja limeneli pa zifukwa zodziwa Mulungu yekha. Pakhomo ponse ankadalira pikapuyo. Fizi ya ana, feteleza, sopo, zonse zinkachokera pa matayala anayi amenewo.

Munthuyo sankakana ntchito, ankangoikankhira kutsogolo. Ukamuuza kuti tomato wapsa tinyamuke, ankati tione kaye kunja kucha bwanji. Kukacha bwino ankati dzuwa liphulitsa matayala, kukachita mitambo ankati msewu uterera. Chaka china madengu anga adagona m'pikapumo mpaka adayamba kudontha, iye ali pa bawo akuti amalize kaye. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ndiye tidamutcha Zengerezu, ndipo wopanda manyaziyo ankavomera.

Tsono galimoto ili ndi msonkho wake wa chaka ndi chaka. Inunso a njinga zamoto mukudziwa, ngakhale mwayamba kuyang'ana kumbali. Masiku amenewo ankalipira ku ofesi ya ku boma, ndipo Zengerezu ankati n'kutali, mzere wake ndi wautali, apita mwezi wamawa. Mwezi wamawawo udabala chaka, chakacho chidabala zinzake, ngongole n'kumangokula. Atayamba kuopa apolisi apamsewu, m'malo mokalipira adakumbukira kuti mlamu wake, a Lufeyo, mchimwene wake wa Nangozo, ali ndi pikapu yoyera yofanana ndi yake, ndipo iwo msonkho sankaphonya. A Lufeyo ankakhala kumunsi ku Golomoti, kuno sankabwera kawirikawiri. Zengerezu adapita kwa wowotcherera zitsulo, n'kukapangitsa chitsulo cha nambala chonga cha mlamu wakeyo, n'kuchimanga pa pikapu yake. Chake chenicheni adapatsira mkazi wake kuti abise.

Onani mtima wa munthu waulesi. Zachinyengo adazichita tsiku limodzi, kupita, kulipira, kumanga, osadandaula kutalika kwa njira. Zolungama zokha ndizo zinkamupweteketsa msana.

Kenako dziko lidasintha. Pa wailesi adalengeza kuti msonkho wa galimoto tsopano uzilipiridwa pa intaneti. Umangolemba nambala ya galimoto pa foni, foniyo ikuuza ngongole yako, iwe n'kutumiza ndalama, uthenga wotsimikiza n'kubwera. Adatinso onse a ngongole zakale akalipira mwezi usanathe, chindapusa akhululukidwa, koma mwezi ukangotha chindapusa chibwerera ndipo galimoto zizilandidwa. Nangozo atamva adagulitsa nkhumba ziwiri, ndalamazo n'kukaziika m'foni ya mwamuna wake, zokwanira ngongole yonse. Chotsala chidali kungodina ndi chala.

Mukuganiza adadina? Munthu amene kale ankati ofesi ili kutali tsopano adapeza chifukwa chatsopano. Ankatiuza pamsika pano, akusisita thumba la malaya, kuti ofesi ya m'thumba siitseka, siidziwa Sabata, ilibe mzere, ndiye kuthamangira chiyani? Nangozo akamukumbutsa m'mawa ankati netiweki imakhala bwino madzulo. Akamukumbutsa madzulo ankati anthu achuluka pa intaneti, aona m'mawa.

Tsiku lomaliza la mweziwo mkazi uja adamutsekera chakudya. Apo ndiye adadzuka. Adaitana anzake a pa bawo kuti aone momwe anthu ozindikira amalipirira msonkho, adakaima kumbuyo kwa pikapu, n'kukopera pa foni nambala imene idali pa chitsulo. Zaka zonsezi adaizolowera mpaka kuiwala kuti ndi yobwereka. Foni idayankha msanga kuti galimoto imeneyi ilibe ngongole. Pamwamba pake padali dzina la mwini wake, koma Zengerezu kuwerenga mizere iwiri adakuona kutalika.

Adavina pamsewu munthu wamkulu ndi ndevu zake. Adati boma laona kuti iye ndi munthu wothandiza alimi ndipo lamufufutira zonse, ndipo opusa ndi amene adathamangira kulipira. Atafika kunyumba Nangozo adangofunsa funso limodzi.

"Bambo a Tamanda, dzina lidatuluka pa fonipo mudaliwerenga?"

"Dzina langa ndiliwerengerenji? Ndimalidziwa."

Nangozo adafuna kuona yekha, koma mwamunayo adati batire latha, amuonetsa mawa. Ndalama zija adati agulira matayala atsopano. Mwayi wake, ngakhale kuwononga ndalama ankazengereza, ndiye zidakhalabe m'foni.

Tsiku la msika lotsatira kudafika akuluakulu a msonkho, apolisi awiri, ndi chilole chonyamulira galimoto zolandidwa. Tsoka silinunkha. Tsiku lomwelo a Lufeyo adakwera phiri kudzagula mbatatesi, ndipo poona pikapu ya mlamu wawo adaimika yawo pambali pake kuti apatsane moni. Wamkulu wa msonkho adali mayi wamfupi wovala magalasi, wosakweza mawu. Adayang'ana pikapu iyi, adayang'ana iyo, n'kufunsa ngati galimoto nazonso zimabadwa mapasa, mpaka nambala kufanana. A Lufeyo adatulutsa mapepala awo ndi uthenga wa pa foni, zonse zili m'malo mwake. Kenako adatembenukira mlamu wawo, ndipo zimene adanena sindingazibwereze pamaso pa ana ngati inu.

Zengerezu adayesa kufotokoza kuti boma lidamukhululukira. Mayi uja adamuuza kuti alembenso nambalayo pa foni, awerenge dzina mokweza. Adawerenga dzina la a Lufeyo, msika wonse ukumva. Komabe mayiyo adali ndi chifundo choposa changa.

"Bambo, za chitsulo chabodzachi mukambirana ndi apolisi. Ine changa ndi msonkho. Tikukweza galimoto zina kaye. Tikamamaliza mundionetse uthenga woti mwalipira pa nambala yanu yeniyeni, apo ayi pikapu ipita nafe."

Nambala yeniyeniyo ndi iti? Zengerezu adakanda m'mutu. Ankakumbukira kuti mudali seveni penapake. Adathamangira kunyumba, ife a pamsika tili m'mbuyo, chifukwa zotere munthu sudikira kuuzidwa. Adatulutsa katoni ya mapepala a galimoto imene Nangozo adakhala akumuuza chaka chonse kuti aichotse pansi. Atatsegula adapeza dothi lokhalokha, chiswe chitamaliza kale ntchito yake. Chiswe sichizengereza.

Adafunsa mkazi wake kumene adabisa chitsulo chija. Nangozo, ali phee pakhonde akusankha nyemba, adaloza ndi mlomo ku khola la nkhumba. Adati mvula ya chaka chatha idaoletsa mitengo ya kuseri kwa kholalo, tiana ta nkhumba tinkatulukira pamenepo, ndipo bambo a pakhomo adalonjeza kukonza mawa. Atatopa ndi mawa adalowa yekha, n'kukhomera chitsulocho pabowopo cha m'kati, nambala itayang'ana kwa nkhumba, poti adauzidwa kuti anthu asaione.

Makola a nkhumba a kwathu kuno mukuwadziwa. Denga lake limalekeza m'chiuno, khomo lake ndi loti nkhumba ipite, osati munthu. M'katimo mudali mkota waukulu wokhala ndi ana, ndi matope osakanikirana ndi ndowe ofika m'kakolo. Zengerezu adati aphwasule kholalo cha kunja. Nangozo adati akangozula mtengo umodzi, nkhumba zikalowa m'munda wa mbatatesi wa eni, mlanduwo ukhala wake. Zengerezu adapempha mkazi wakeyo kuti ndiye alowe iyeyo, poti nkhumbazo zimamudziwa.

"Ine ndidakwawa kale mmenemo, bambo a Tamanda, tsiku limene inu mudali pa bawo. Lero ndi lanu."

Apa ndi pamene ndidaona kuti matenda ena alibe mankhwala. Galimoto ili pakamwa pa chilole, munthuyo adaima pakhomo la khola n'kunena kuti adikire kaye mkotawo ugone. Adavula jekete, adaipinda, adafunafuna poikoleka. Adafunsa ngati pali amene ali ndi thumba loti ayale pansi. Adati mwina matopewo akaombedwa ndi dzuwa auma pang'ono. Ife tidaseka mpaka misozi, koma Nangozo sadaseke, ndipo ine nditamuyang'ana ndidamumvera chisoni kwambiri.

Kumsika kudamveka kulira kwa chilole. Apo Zengerezu adagwada, foni ataluma pakamwa, n'kulowa chokwawa. Mkota udamulandira ndi mkwiyo, tiana tidamuyenda pamsana, iye akusambira m'ndowe ndi zigongono mpaka kukafika kuseri. Adapukuta chitsulo ndi mkono wa malaya, nambala n'kuoneka. Seveni uja mudalibemo n'komwe. Adailemba ndi zala zamatope, adalakwitsa, adafufuta, adalembanso. Netiweki imene ankainamizira mwezi wonse idagwira bwinobwino m'khola la nkhumba. Foni idatulutsa dzina lake, Edisoni Kachigamba, ndipo ulendo uno adawerenga mizere yonse. Ngongole idali pomwepo, pansi pake chindapusa chitabwerera chonse, poti mwezi wa chikhululuko udali utatha. Adadinabe kuti alipire. Foni idamuuza mwaulemu kuti ndalama zake n'zosakwanira.

Adakuwira mkazi wake ali momwemo kuti agulitse mkotawo msangamsanga. Nangozo adayankha kuti wogula nkhumba amabwera mawa.

Nthawi yomweyo, poyang'ana pa mipata ya mitengo, Zengerezu adaona chilole chikudutsa pamsewu, pikapu yoyera ili pamwamba itamangidwa ndi maunyolo. Adadzambatuka kuti athamange, ataiwala kuti denga lili pafupi. Mtanda udamugunda pamsana ndipo adagwa chafufumimba. Adatuluka pakakhomo kaja chokwawa, ndipo atafika panja msana udakana kuwongoka. Adapitiriza choncho, manja ndi maondo, kudutsa pabwalo mpaka kumsewu, ndowe zikudontha, akuitana chilole kuti chidikire pang'ono. Agalu adamuuwa. Chilole chidakhota pa kona, fumbi n'kutsala.

Pikapu ija siidabwerenso. Idagulitsidwa kuti ibweze ngongole ndi chindapusa, ndipo chaka chimenecho mwana wawo Tamanda adasiyira sukulu panjira. Chimenechi ndicho sindidamukhululukire munthu uja, kuposa za tomato wanga. Nangozo adatenga ana ndi nkhumba zake n'kutsikira kwa mchimwene wake ku Golomoti. Pochoka mwamunayo adamufunsa kuti abwera liti, ndipo mayiyo adati aona kaye kunja kucha bwanji.

Mvula yakata, kwerani njinga zanu muzipita. Koma iwe wa chipewa chofiirawe, ndakumva ukuuza mnzako kuti msonkho wa njinga yako ulipira ukapeza mpata, foni ili m'manja mwakomo. Nkhumba kwanu zilipo? Lipira usanachoke pa shedi pano, chifukwa Zengerezu adalinda kwawukwawu.