Moni Wothamangitsa Kadzidzi

Pa moyo wanga ndalipapo atambala awiri, ndipo onsewo anapita kwa munthu mmodzi. Woyamba sindidandaula naye, ndinali mnyamata wa magazi otentha. Wachiwiriyu ndiye amandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinamulipa imvi zili mbuu, ndipo mlandu wake unatsala pang'ono kumutayitsa ntchito mwana wanga.

Muyambe mwadziwa kuti ine ndinali kapitawo wa odula nzimbe ku esiteti kwa zaka zambiri. Ntchito imeneyo imakulitsa mmero. Munda ndi wautali, anthu ali uku ndi uko, mathirakitala akulira, ndiye kuti akumve umachita kukoka mawu kuchokera pamchombo. Ntchito ndinapuma, koma mawu sanapume nawo. (Mayi a kunyumba amati ine ndikamanong'ona, aneba amayankha.)

Mwana wanga wamkazi, Lusiya, anaphunzira zoperekeza alendo oona mbalame. Inde, ziliko zimenezo. Anthu amatsika mapiri, kusiya kamphepo ka ku Blantyre, kudzapsa kuno ku Chikwawa kuti angoiyang'ana mbalame ndi kuijambula, osaigenda, osaiwamba. Ine wokulira pa ulimbo ndi legeni zinanditengera nthawi kuti ndizimvetse. Malo ena ogona alendo m'munsi mwa mapiri anamutenga Lusiya mongomuyesa kwa mwezi umodzi, ndipo Loweruka lomaliza mayi woyang'anira malowo anati apita nawo kuti akadzionere ngati mtsikanayu ali woyenera kumulemba. Alendo a tsikulo, bambo wina ndi mkazi wake, ankafuna chinthu chimodzi basi: kadzidzi wodya nsomba, wamkulu, wofiirira, amene akuti ndi wosowa kwambiri. (Kadzidzi, abale anga, yemwe akalira padenga timamuthamangitsa ndi chikuni chamoto.) Lusiya anali ataudziwa mkuyu umene amagonamo masana, m'mphepete mwa Shire.

Palibe anandiitana, chimenecho ndivomere. Ndinadzipereka ndekha kuti ndikanyamula madzi akumwa ndi miyendo itatu ija amaimikapo kamera. Kunena zoona, ndinkangofuna kuona mwana wanga akutsogolera anthu akuluakulu. Lusiya anazengereza, kenaka analola, koma anandipatsa malamulo: malaya oyera ayi, foni ndizimitse, ndipo tikangodutsa dimba lomaliza pasamveke mawu.

"Ababa, ngakhale muone ndani," anatero akundiyang'ana m'maso.

Ndinamuyankha kuti asaphunzitse munthu amene anayamba kusaka mbalame iye asanabadwe. Paja ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tinanyamuka kukungoyera. Kunali kozizira bwino, kuzizira kwa kuno kumene kumatha dzuwa likangosuzumira. Nkhungu inali itagona pamwamba pa bango, akakowa akudutsa m'mizere, atsekwe akukangana kutali, ndipo kumbuyo kwathu mapiri anali atayamba kufiira pansonga. Lusiya ankayenda patsogolo, n'kumaima, kuloza, kutchula dzina chapansipansi. Mlendo wamwamuna uja, kamera yake yaitali ngati munsi, ankangogwedeza mutu, ndipo mayi woyang'anira ankamwetulira. Mtima wanga unadzaza. Tinakumana ndi amayi awiri opita kudimba, ine n'kungowagwedezera mutu. Zinandipweteka kuwadutsa anthu ngati mitengo, koma ndinapirira, ndipo ndinayamba kudziyamikira kuti ndine munthu wosunga malamulo.

Titafika pamkuyu uja, Lusiya anakweza dzanja, tonse tinaima. Analoza m'mwamba. Poyamba ndinkangoona masamba, kenaka ndinamuona: chimbalame chachikulu, chitakhala phee panthambi, maso chitatsinzina. Ndikuuzeni, anali wokongola ndithu, ngakhale anali kadzidzi. Mlendo anayamba kuimika kamera yake pang'onopang'ono. Pamene panali mbalamepo panali pakadali mdima, ndiye Lusiya anaonetsa ndi zala kuti tidikire mphindi zisanu dzuwa lifikepo. Ntchito yonse ya mwana wanga inali pa mphindi zisanu zimenezo.

Tsoka silinunkha. Ena onse akuyang'ana kumwamba, ine ndinayang'ana pansi. Kumunsi kwa gombe, m'bango, munali mwadiya, bwato lija la mtengo umodzi, ndipo m'mwadiyamo munali mutakhala a Zuze, akundiyang'ana.

A Zuze ndi malume awo a mayi a kunyumba, ndipo ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wathu. Chaka choyamba cha banja ndinawadutsa pamsewu ndili panjinga, osatsika, ndinangoimika dzanja. Nkhani inakhalidwa pansi. Anandifunsa pamaso pa anthu ngati kwathu kulibe akuluakulu, ndipo tambala woyamba uja anapita tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, ndikangowaona, ngakhale ali kutsidya kwa msika, miyendo imatsika yokha panjinga. Zaka makumi atatu zadutsa, thupi silinaiwale.

Ndinayamba bwino, musandiweruze msanga. Ndinavula chipewa n'kuwerama. Iwo duu. Ndinatsitsa chigubu cha madzi pansi, kunjuta, n'kugunditsa manja mosatulutsa phokoso. Iwo anakwinya nkhope n'kupukusa mutu. Apo ndinati mkuluyu akuona ngati ndikuwachitira manyazi pamaso pa alendo a m'tauni, akuti mkamwini wayenda ndi a makamera lero wasanduka bwana. Ndinasendera kutsogolo ndili chinjutire, n'kunong'ona moni. (Kunong'ona kwanga mwakumva kale.) Lusiya anacheuka, maso ali tong'o, koma ine ndinali nditapita kale kutali. A Zuze anaika chikhato pakamwa, ndipo ine ndinaona munthu wamkulu atagwira pakamwa kudabwa ndi mwano wanga. Ndinakumbukiranso kuti khutu lawo lina linafa kalekale. Ndinaona bwalo, ndinaona anthu, ndinaona mayi a kunyumba atazyolika.

Ndiye ndinaomba m'manja katatu, kuomba kwenikweni kwa manja okumba, n'kutsegula mmero wonse wa ku esiteti.

"Mwacherwa tani, ababa!"

Dambo lonse linadzuka. Atsekwe, akakowa, ndi tina sindikutidziwa n'komwe, zonse m'mwamba. Kadzidzi anatsegula maso ake akuda, anatiyang'ana kamodzi kokha, n'kudzigwetsa panthambi, kutambasula mapiko, ulendo wa kutsidya kwa Shire. Kamera inalira kangapo, koma inkajambula masamba.

Kenaka mlendo anakhala pansi pamatope osayang'ana n'komwe pamene akukhala. Mayi woyang'anira ankayang'ana nsapato zawo. Ndinkayembekeza kuti Lusiya andikalipira, ndipo bwenzi zitandipepukira. Iye anangotembenukira kwa alendo n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, awa ndi bambo anga." Mawu amenewo anandilasa kuposa chitonzo chilichonse chimene ndinamvapo.

A Zuze anakankha mwadiya ndi mponda mpaka pagombe, osafulumira. Atafika anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mkamwini, ine ndakhala pano kuyambira kusanache. Chifuwa ndikuchimeza, udzudzu ukundidya, miono yanga sindinavuule, asodzi anzanga ndawabweza atatu kuti asadutse pano. Zonsezo kuti mdzukulu wanga apeze ntchito. Inu mwabwera ndi chigayo."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti kadzidziyo anamuonetsa Lusiya ndi iwowo, ndipo anapangana kuti m'mawa umenewo akhala mlonda wa mtengowo. Munthu amene anandilipitsa tambala chifukwa cha moni anali atakhala chete maola awiri, ndipo atandiona sanafune moni wanga ngakhale pang'ono. M'dambo monsemo wosadziwa za panganolo ndinali ine ndekha, chifukwa mwana wanga ankadziwa kuti nditamva, mudzi wonse umva.

Ulendo unapitirira. Lusiya anapukuta m'maso mwachangu n'kuwatsogolera alendo kwina, anawaonetsa nkhwazi ikugwira nsomba, ndi nantchengwa pachisa chake chachikulu chija. Ine ndinkabwera kumbuyo kwenikweni ndi chigubu changa, ngakhale kutsokomola ndinkaopa. Alendo anathokoza mwaulemu, koma chimene anadzera sanachipeze, ndipo aliyense ankadziwa. Madzulo mayi woyang'anira anamuuza Lusiya kuti sangamulembe pakali pano. Anamuonjezera mwezi wina woyeserera, ndipo anati akamupezanso kadzidziyo adzakambirana.

Zinatenga masabata atatu. M'mawa uliwonse Lusiya ankapita kudooko, a Zuze n'kumuwolotsa, kumayang'ana mtengo ndi mtengo kutsidyako. Asananyamuke ankabwera pakhonde, kugwada, kundipatsa moni mwaulemu wonse, osatchula kanthu. Ndinkalakalaka atandinyoza kamodzi kokha kuti ndipume. Mayi ake ndiwo anamugwirira ntchito imeneyo, m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa tsiku. Mbalameyo anaipeza mumtengo wina kumtunda, alendo aja anabweranso, chithunzi anajambula, ndipo ntchito anamulemba. Tsiku limenelo ine anandisiya kunyumba, ndipo sindinafunse chifukwa.

Mlandu wanga sunakhalidwe pabwalo. A Zuze anangotumiza mawu kuti mkamwini akudziwa yekha chochita. Ndinasankha tambala wamkulu pakhomo, wofiira, amene ndinkamusungira Khirisimasi, n'kumumanga miyendo. Njinga ndinatsikira kutali. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba akusoka ukonde, ndipo nditafika m'mphepete mwa bwalo ndinanjuta. Apa mutu unaima. Ndiwapatse moni? Moni ndi umene wandifikitsa pano. Ndinaganiza kuti nthawi ino ndionetse kuti ndaphunzira, ndiye ndinangokhala chete, tambala ali kukhwapa, kudikira kuti ayambe okha.

Anasoka maso a ukonde ngati khumi osandiyang'ana. Kenaka anaika chingwe pansi, anadzutsa mutu.

"Kodi mkamwini, pakhomo pano mwaonapo kadzidzi?"

Ndinati ayi.

"Nanga moni mwausiya kuti? Kapena atambala akuchulukirani?"

Ndinaomba m'manja mofulumira, tambala n'kupulumuka kukhwapa, kuyamba kudumphadumpha pabwalo ndi miyendo yomanga. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, chifuwa chija anachimeza kudambo chinatuluka chonse tsiku limenelo.

Lero Lusiya akamadutsa ndi alendo ake m'mawa kuseri kwa nyumba yathu, ine ndimalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amaganiza kuti ndimachita manyazi. Chilungamo chake n'chakuti ndimadzidziwa: pagulu paja pakangopezeka wa imvi mmodzi, manja awa aomba okha, ndipo m'khola mwatsala tambala mmodzi yekha.