Kudziyang'ana m'mtundu wa Esinati

Lolemba
Uthenga wandipeza ndikupopa njinga: amalume a ana akuti Loweruka andisudzula. Manda a mkazi wanga Esinati sanamere n'komwe udzu. Akuti mkazi akamwalira, mkamwini abwerere kwawo. Kwathu ku Chonde ndinachokako tsitsi lili lakuda!
Pa laputopu pali fayilo ya XML ya mtundu wawo wonse, yomwe Esinati anandipempha kuti ndilembe. Dzina lililonse lili m'kati mwa dzina la mayi ake, mpaka kwa gogo amene anachokera ku Mozambiki. Ine ndinadziika m'kati mwa Esinati. Loweruka ndiwaonetsa.

Lachiwiri
Ndalemba kapulogalamu. Kamatenga dzina n'kumakwera, kholo, kholo la kholo. Kakafika kwa gogo kamati ALIMO. Kakathera panjira, MULIBE.
Amalume alimo. Ana alimo. Ine ndilimo!

Lachitatu
Amalume asuzumira. Akuti omwalira asakhale pamodzi ndi amoyo. Ndamuchotsa Esinati. Ine ndi ana tagwa naye limodzi: MULIBE.
"Ana aikeni kwa mayi awo aang'ono, alamu."
Ndawaika. Za ine sananene.

Lachinayi
Ndikusaka pokolowekera dzina langa.
Pansi pa apongozi: ndasanduka mlongo wa mkazi wanga. Zamanyazi!
Pansi pa mwana wanga Tamanda: ndasanduka mdzukulu.
Pansi pa gogo: ndawaposa amalume. Angandisudzule mawa lomwe.

Lachisanu
Dzina la Esinati silinafufutike. Kompyuta ikulisungabe pambali, ine ndili m'kati mwake. Kapulogalamu kakachoka pa ine kakufika pa iye n'kuima, pamwamba palibe chogwira. Mabuku onse ndawerenga aja, palibe linandifotokozera umasiye chonchi.
Sindikupita kukaphunzitsa lero. Esinati ndamubwezera pamalo pake, amalume asadziwe.

Loweruka
Magetsi azima chim'mawa, batire ya laputopu yathera pa mawu olonjerana. Umboni wanga ndi galasi lakuda.
Apongozi akulankhula maso ali pansi. Akuti mwana wawo ndinamusamala mpaka mapeto, alibe nane mawu. "Pitani bwino, aphunzitsi. Koma nanazi munadzala zija muzibwera kudzakolola nokha. Ife minga ayi."
Amalume akundithandiza kumanga mabuku panjinga, akudandaula kuti ndi olemera kuposa chimanga.

Lamulungu
Ku Chonde, m'chipinda cha ana a achimwene. Bedi ndi lalifupi, mapazi ali panja.
Ana atsala kumudzi kwa mayi awo ku Limbuli, azibwera pa holide. Kompyuta ikuti ndilimo, mudzi wati ndapita. Sinditsutsana ndi aliyense. Ndatsala ndi njinga, mabuku, ndi munda wa nanazi kwa eni ake.