Tsiku Limene Galu wa Akamwini Anasuta Fodya

Lamya inalira m'mawa, ine ndili pakhonde ndikusankha nyemba. Anaiyankha ndi Wanjiru, mayi wogwira ntchito pakhomopo, kenako anandikodola ndi manja onse awiri. Ndinatchera khutu. Anali akamwini anga a Jere, ali kuchipatala ku Upper Hill: "Amayi, Tiyamike wachira. Ndi mwana wamkazi."

Ha! Nyemba uko, lichero uko, mpango uko! Wachira mwana wanga, wachira! Nthungululu yanga inadumpha mipanda ya ku Karen, dera limene tinkakhala, mpaka oyandikana nawo anatsegula mazenera. Ndikanangothera pomwepo, anzanga, bwenzi lero ndilibe chokuululirani. Koma chimwemwe chimayabwa m'manja.

Ine ndinachoka ku Ntcheu kudzadikirira chikuta cha Tiyamike kudziko la eni, kumene amakhala ndi amuna ake. Pakhomopo ndinapeza galu dzina lake Kaputeni, wamkulu ngati thole, wa mbale yakeyake ndi bulangete lakelake (ine ndinakwatiwa ndilibe bulangete). A Jere akabwera ku ntchito ankayamba kupatsa moni galuyo, anthufe pambuyo. Tsono galuyu anadzala nkhupakupa, m'makutu, m'khwapa, pakati pa zala. Sabata yonse nkhani inali imodzi: apite kwa dokotala akabayidwe jakisoni wa matenda a nkhupakupa, kapena ayi?

A Jere anandifunsa maganizo kudzera mwa Tiyamike, pajatu ine ndi akamwini sitinkayang'anana. Iwo akalowa khomo ili, ine ndituluke khomo ilo, ndiwo mwambo wathu. Ndinayankha ndikuyang'ana khoma: "Jakisoni ndi wa anthu. Kwathu galu sabayidwa. Nkhupakupa mankhwala ake ndi fodya." Ndinamva kuseri kwa chitseko, "Tamva, amayi." Nkhani inagona pomwepo chifukwa cha ulemu.

Ndiye tsiku limenelo, nditavina mpaka mawondo kulira, ndinati mdzukulu wanga asadzapeze nkhupakupa pakhomo. Ndinamasula fodya wanga wopota amene ndinabwera naye kuti ndizipera wofwenkha. Ndinamunyika m'beseni la madzi otentha. Madzi anafiira, ndinati sanakole. Ndinaonjeza. Anada bii, ndinati galuyu ndi wamkulu. Ndinaonjezanso.

Wanjiru anagwira m'chiuno. "Mama, hiyo ni nini?"

"Dawa," ndinatero, pakuti m'Chiswahili chonse ndinkadziwamo mawu awiri, dawa (mankhwala) ndi asante (zikomo).

Ndinamusambitsa Kaputeni ndikuimba, samba mwanawe samba, kwabwera mlendo samba. Ndinatikita msana, ndinatikita mimba. Iye nkumanyambita, ine nkumati nyambita, zam'kati nazo zife. Nkhupakupa zinayamba kugwa, phophopho! Ndinavinanso.

Kenako galu anaimirira. Anayenda mwendo uwu kum'mawa, uwu kumadzulo, ngati malemu amuna anga akamachokera ku chikumbutso. Dovu linatuluka. Anasanza. Anagwa m'maluwa, thupi lonse njenjenje.

"Mama! Umeua mbwa ya bwana!" anakuwa Wanjiru, manja kumutu. Pamenepo sindinafune wotanthauzira.

Tsiku lobadwa mdzukulu wanga, pakhomo pagwe imfa? Ndipo wakupha ndikhale ine, mpongozi wobwera pa ndege ya eni ake? Ndinamumwetsa mkaka, anabweza. Ndinamupemerera ndi lichero, maso anatembenuka. Ndinayamba pemphero, lisanafike pa ameni, hutala pageti, pipiii! A Jere, nkhope yonse mano, abwera kudzanditenga kuti ndikaone mwana.

Khoma lobisalapo panalibe. Tiyamike wonyamula mawu panalibe. Ndinagwada pa kapinga (inde, mpongozi kugwadira mkamwini, lembani zimenezo) ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana m'maso.

"Bambo, ndalakwa. Galu wasuta."

"Wasuta chiyani, amayi?"

"Fodya. Ndi thupi lonse."

Sanakalipe. Anamunyamula Kaputeni ngati khanda, nkumuika kumbuyo kwa galimoto. Panafunika womugwira mutu, ndiye ndinakhala ine, mutu wa galu pamiyendo, pa chitenje chatsopano chimene ndinasungira kukalandirira mdzukulu. Mdzukulu sanachilawe chitenjecho. Anachilandira ndi Kaputeni, pochisanzira kawiri konse tisanafike.

Dokotala wa ziweto anangonunkhiza kamodzi nkuyetsemula. Anamutsuka galu ndi paipi, anamuika diripi, ife tili pa benchi imodzi, ine ndi akamwini, mapewa kukhudzana. Patapita nthawi anatuluka, anatsegula kukamwa kwa galu nkutionetsa nkhama zoyera mbee. A Jere anandimasulira: fodya atuluka, galu sakufa lero. Koma matenda a nkhupakupa anali atalowa kale m'magazi, ndipo akanachedwa masiku ena bwenzi tikukumba dzenje. Jakisoni ali m'manja, dokotala akudikira.

A Jere anatembenukira kwa ine, ulemu wonse uli pomwepo. "Amayi, paja munati galu sabayidwa. Tibaye kapena tisabaye?"

"Bayani! Bayani kawiri! Akatsala mundibaye ine!"

Kuchipatala ndinafika ndikununkha fodya ndi galu. Namwino anandikaniza kugwira mwana mpaka nditasamba m'manja katatu nkuvala chovala chawo chobiriwira. Tiyamike anakwinya mphuno. "Amayi, mwachokera kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Koma a Jere anati, "Amayi ndi amene apulumutsa Kaputeni. Popanda iwo sindikanapita naye kwa dokotala." Mwaona mkamwini? Kuyambira tsiku limenelo timamwa tiyi patebulo limodzi.

Ndinaphunzira kuti galu wa mbale sali ngati galu wa kudzala. Koma nkhupakupa zija zinafa zonse, pamenepo ndiye musandiikire bodza.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, ee, kunadzaza! Anabwera a Chirwa ndi akazi awo a Nasibeko kuchokera ku Upper Hill. Anabwera a Nankhoma a ku Umoja pa matatu (minibasi ya kumeneko), nkhuku m'manja. Anabwera Halima ndi Fatsileni, atsikana akwathu a ku yunivesite. Anabwera a Gondwe a kwaya ndi a Nyachirwa awo. Anavina Wanjiru, anavina Tiyamike, anavina a Jere. Mdzukulu tinamutcha Chisomo. Ndipo pakhomo, pa bulangete lake, mchira pukupuku, akundiyang'ana ndi diso limodzi, analipo Kaputeni.