Keke ya Munthu Mmodzi

Lolemba

Ine, mwini digiri ya zaulimi imene yapachikidwa pakhomapa, ndikupereka dandaulo ili kwa aliyense wokhala ndi makutu: chibwerereni ku Rufunsa sindinadyepo dzira lathunthu. Ndikangoliswa, "Odi!" Amake Taonga, eni nyumba, ali pakhomo ndi kampando kawo. Ati abwera kudzaonera TV. Dziralo pakati.

Lero tikuonera akazi olemera aja a pa TV. Wina, wa nsidze ngati tsache, akukondwerera tsiku lake lobadwa YEKHA. Geti wakhoma, mlonda wamuuza kuti abweze aliyense, ngakhale apongozi. Mkanjo woyera, makandulo kuzungulira bafa, nkhope yopaka zoyera, nkhaka m'maso, chakumwa chofiira m'manja.

Amake Taonga: "Bana bake bali kuti? Izi ndalama si za thukuta, ba Madamu."

Loweruka ndikukwanitsa zaka makumi atatu. Njira ndaiona.

Lachiwiri

Zofunika:
makandulo
mkanjo woyera
keke ya munthu mmodzi
nkhuku
chakumwa chofiira
loko watsopano
alendo: ngakhale mmodzi ayi!

Pakantemba, kagolosale kawo, ba Zulu akudabwa: "Makandulo yonse aya, na sola muli nayo?" Ndikuwayankha mwanthabwala kuti ndikufuna kuyamba kukhala ngati olemera. Sakuseka. Chenji akuika pathebulo, osati m'manja mwanga. Ulemu wa anthu amalonda ukutha m'dziko muno.

Lachitatu

Pasalaula, pa zovala za kaunjika, ndapeza mkanjo woyera wofika m'mapazi. Wogulitsa: "Ni wa ubatizo?" Ayi. "Chikwati?" Ayi, ndidzavala ndili ndekha m'nyumba, chitseko chokhoma. Wandiyang'ana mpaka ndakhota pachigayo.

Mayi wophika makeke akuti alibe chitini cha munthu mmodzi. "Munthu umodzi sadya keke, amadya chitumbuwa." Nzeru zaulere, zosapempha. Ndavomera yaikulu. Ndidya mpaka mwezi uthe, ndani andiletse?

Nkhaka mumsika mulibe. Matimati nawonso ndi ozungulira.

Lachinayi

Nkhuku yatsala imodzi yokha pamsewu: tambala wakuda bii. Ndamumangirira pamtengo wa mango.

Zodabwitsa! Amake Taonga sanabwere. Ana aja amene amadzaza pazenera aitanidwa ndi amayi awo mofuula, ngati kuno kwagwa kolera. Ndadya dzira lathunthu! Loyera ndi lachikasu lomwe! Kodi olemera amamva chonchi tsiku lililonse?

Lachisanu

Kuntchito palibe wandibwereka cholembera. Mpando wanga akuulambalala.

Masana foni, amayi kumudzi, akulira: "Mwanawe, ngati ndi chuma, ife umphawi tinauzolowera. Usandipereke ine. Mlongo wakonso musiye, ali ndi ana."

Ohoo. Ndiye Rufunsa yonse yawonkhetsa masamu: makandulo, nsalu yoyera, tambala wakuda, loko, mkazi wosakwatiwa wofuna kulemera. Yankho: ndikukhwima! Ine! Munthu amene ndinalemba mayeso a feteleza n'kukhoza! Ndipo amene waimbira amayi ndi Amake Taonga, pa nambala imene ndinawapatsa kuti adzaimbe ndikadzadwala.

Amayi ndawatonthoza. Koma kunoko ndikane? Ndalingalira. Geti ndilibe. Mlonda ndilibe. Mbiri imeneyi ikugwira ntchito ya zonse ziwiri, kwaulere. Madzulo ndadutsa pakhomo pa eni nyumba ndikulankhula ndi tambala motsitsa mawu.

Loweruka

Tsiku lafika! Makatani ndatseka, loko ndakhoma. Bafa la pulasitiki lalandira mapazi okha, thupi lotsala lidikire chaka chamawa. Makandulo kuzungulira. Kumaso ufa wa chinangwa wosakaniza ndi uchi. Matimati m'maso. Chakumwa chofiira m'manja. Nkhuku yapsa, keke ili pathebulo. Bata!

Kenaka nyimbo. Ikuyandikira. Yaima kuseri kwa nyumba.

Loko ndagulira chitseko chakutsogolo. Chakumbuyo chimagwidwa ndi msomali wopinda, ndipo amene anaupinda ndi Amake Taonga.

Alowa ndi azimayi a mapemphero, zitenje zofanana, ndowa za madzi m'manja. Ndikutembenuka: nkhope mbuu, maso ofiira a njere. Wina wakuwa, wina wathawa ndi nsapato imodzi. Amake Taonga okha sanagwedezeke, akuteteza nyumba yawo ya lendi. "Choka mwa mwana wa bene!" Khwaa! Ndowa yonse. Makandulo thii.

Ndikukuwa, ufa ukutsikira m'khosi: "Ndi tsiku langa lobadwa!"

Amake Taonga atsitsa ndowa.

"Befide? Manje osakamba bwanji?" Akuyang'anana. Wina wakumbutsa anzake kuti wa befide amathiridwa madzi. Ndikuti mwandithira kale. Akuti aja anali a ziwanda. Khwaa! Ndowa yachiwiri.

Nthungululu. Mipando yabwera yokha. Ba Zulu afika ndi sipika. Tambala amene dzulo anali wa satana lero akuti wakoma, mchere wokha wachepa. Ine ndalandira khosi. Keke yadulidwa ndi mpeni wanga, ndi dzanja la eni nyumba. Wophika uja, pakamwa podzaza: "Sininakambe? Chitini cha munthu umodzi kulibe." Gawo langa ndi la pakona, pamene panagwera phula.

Lamlungu

Chimfine. Mkanjo uli pachingwe, azimayi aupempha kale kuti ukhale wa mngelo pa sewero la Khirisimasi. Amake Taonga abwera ndi kampando. Dzira pakati. Akuti chaka chamawa ndisavutike, asankha kale komiti, ine ndingogula nkhuku zitatu, zoyera.

Pa TV mayi wa nsidze uja akulira m'galimoto kuti palibe amene amamukumbuka. Amake Taonga: "Abwele kuno, tizamukumbuka."

Ndagonja. Koma mlandu ulipo, ndipo wolakwa ndi mayi wa nsidzeyu, amene anandisocheretsa masana dzuwa likuswa mtengo. Chipepeso chimene ndikufuna: geti lake, likwezedwe pa minibasi ya m'mawa, kondakitala alitsitse pa siteshoni ya Rufunsa. Mlonda abwere nalo, atanyamula msomali wowongoka. Ndi dzira limodzi lowiritsa, limene ndikadyere kunyumba kwake, m'bafa lake, iye ali kuno pakampando akuonera TV ndi Amake Taonga.