Chimfuko cha Alamu Anga

Lolemba

Mtima uli m'mwamba. Aprofesolo Amosi, amene amatsogolera masewera athu a Lamulungu pakhonde la baraka, kagolosale ka pamsewu, akuti zilombo zikonzedwenso. Iwo amakamba nkhani, ife aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, ndipo timaponya dado, kabokosi ka madontho kaja, kuti tione ngati mkondo walasa kapena waphonya. Moyo wa munthu ndi nyemba za m'kambale, zikatha, wafa. Wanga ndi mlenje Bonifasiyo.

Zilombo zonse ndimasema ndine, ndi kachewere wopindika amene ogula amamukana. Tsopano akuti zikumanunkha. Kodi chilombo chizinunkhira sopo?

Choipitsitsa n'chakuti alamu anga a Zakeyu, amene abwera kuchokera ku Chidzolomondo kudzatithandiza kukumba kachewere, aumba chawo chadongo. Akuti ndi mfuko wamkulu ngati nkhokwe, dzina lake Chimfuko. Aprofesolo akuti ndichiunike ine, poti ndine mkhalakale. Chikalephera, Lamulungu tisewera ndi changa. Chikapambana, yanga ntchito yathera pompo.

Chilephera basi.

Lachiwiri

Ndachitembenuza mbali zonse. Zolakwika:

mano ali m'kamwa, pamene a mfuko amakhala panja ngakhale atatseka pakamwa;
maso ngati a ng'ombe;
mchira wautali. Ndi khoswe ameneyu?

Mlimi wa fodya angadziwe chiyani za mfuko? Ndanena zonsezi pamaso pa aprofesolo, kuti alamu apse mtima achiphwanye okha. Iwo angoti, "Zikomo alamu," n'kutsikira kudambo kukatapa dongo lina.

Zikomo wa chiyani? Akundiseka kapena?

Lachitatu

Chabwera chatsopano. Timaso ngati mapira, mchira kachidutswa, mano awiri a fupa la mbuzi ali panja. Ine ndemwe tsitsi linandiimirira, koma sindinaonetse.

Mkazi wanga, amake Rosa, achiika pamwamba pa wailesi, pa kansalu koluka kaja timayala kukabwera alendo. Zanga sizinalowepo m'nyumba muno, zimagona kukhola. Ndafunsa chifukwa chake, akuti cha achimwene awo sichiitana ntchentche. Anthu opita kuchigayo akupatuka kudzachiona. Wina wafunsa ngati tachigula ku Tete.

Ndasankha kachewere wamkulu kuposa onse, ndayamba kusema changa kuseri kwa nkhokwe. Mitu itatu. Tiona.

Lachinayi

Pamaonekedwe ndalephera, ndiye ndagwira pa malamulo ake. Aprofesolo alemba kuti Chimfuko chimathamangitsa anthu pabwalo. Ndaseka mokweza kuti onse amve. Ndawauza kuti mfuko sathamangitsa munthu, amakhala pansi, amamva mapazi, mbewu amaikokera m'nthaka iwe ukuona. Choncho chilombo chonsechi n'chabodza, chitayidwe.

Aprofesolo maso awala. "Muito bem, pitirizani," atero mosakaniza Chipwitikizi, uku akulemba mothamanga.

Tsopano Chimfuko chimatulukira pansi pa mapazi, kuluma kamodzi nyemba cinco, zisanu zathunthu. Dzulo zinali ziwiri zokha.

Ndadya pang'ono. Mwina ndi zilonda za m'mimba.

Lachisanu

Lero ndalumbira kuti sinditsegula pakamwa.

Tikukumba ndi alamu, mzere wawo uwo, wanga uwu. Akuyamba okha: akuti Chimfuko chili ndi pofookera pamodzi, osewera akhoza kuchifukiza utsi kuuna monga timachitira ndi mbewa. Ine ndapitiriza kukumba. Akubwerezanso, monyadira. Ndaluma mlomo mpaka kumapeto kwa mzere, kenako zangotuluka zokha: mfuko si mbewa, amatseka njira kumbuyo kwake ndi dothi, utsi umakubwerera wekha kumaso.

Alamu aika khasu pansi, apukuta manja, ulendo kusukulu kukauza aprofesolo. Mzere wawo ndamaliza ine.

Pakamwa panga ndi mdani wanga!

Changa chija chada, mutu umodzi wafota. Ndachipaka phulusa.

Loweruka

Ndapita nacho kwa aprofesolo chili m'kathumba. Achiyang'ana nthawi yaitali, mphuno ataikweza pang'ono. Akuti ntchito yaikulu yagwirika apa, sichingatayidwe, tichiike pakati pa tebulo chikhale chakudya cha Chimfuko.

Chakudya. Mitu itatu!

Kunyumba ndapeza palibe munthu, Chimfuko chili chokha pa wailesi. Ndachinyamula. Pansi ndi simenti, ndipo mphaka tili naye woti n'kumunamizira. Ndaima nacho choncho ndikuchiyang'ana. Alamu achiwotcha pamoto, chafiira bwino, ndipo ubweya adachita kulemba ndi minga, umodziumodzi. Ine sindingathe zimenezi ngakhale atandipatsa chaka.

Ndachibwezera. Ndawongolanso kansalu.

Amake Rosa akuti ndaonda sabata ino, ndipo mankhwala a matenda angawa kuchipatala kulibe.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Pakhonde la baraka anthu adzaza mpaka pamsewu, ena sanabwerepo chiyambire.

Bonifasiyo watsogola, kuti poti chilombochi chapambana, chiphedwe ndi ine. Anzanga asonkha moto kuuna, ine ndikukuwa kuti musatero. Utsi wabwerera. Ndati mlenje wanga aime chilili, asagwedeze phazi. Aprofesolo akuti ndiponye dado tione ngati apirira utsiwo. Yagwa dois, madontho awiri okha. Bonifasiyo wayetsemula.

Nthaka yatseguka. Nyemba cinco, kenako cinco zina, kenako kambale mbee. Mlenje amene adapulumuka kwa ng'ona ya mapiko wafa ndi chimfine.

Anthu aomba m'manja. Alamu aimirira n'kunena kuti manowo, kutulukira pansiko, kutseka unako, zonse ndi nzeru za alamu awo, iwo adangoumba. Anthu aombanso, akundiyang'ana. Ndiye kuti aliyense wadziwa amene wapha Bonifasiyo.

Aprofesolo agamula: kuyambira lero zilombo aziumba a Zakeyu, azitumiza pa chapa, minibasi ija, akabwerera kwawo. Ine ndikhale fiscal, woona zolakwika. Mpeni wanga ubwerere kukhitchini.

Alamu ayamba kale china, nankafumbwe wamkulu ngati galimoto. Andionetsa tikubwerera. Amuika miyendo inayi.

Ndapirira mpaka pachigayo.

Ndi isanu ndi umodzi, alamu.