Tochi ya adokotala ndi khutu la apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba. Koma poti ku Nchema konse amaidziwa kale, ndi bwino muimve kwa ine mwini manyaziwo.

Chinali chaka cha njala ija. Ntchito ku Limbe inali itandithera, ndinabwerera kuchikamwini ndi chikwama chimodzi ndi katoni ya mawailesi akufa. Ine ndili ndi matenda kuyambira ubwana: chilichonse cholowa batire ndimafuna ndione m'mimba mwake. Kukonza sindikonza kwenikweni, ndimangomasula. Ndiye taganizani, pamudzi anthu akudya gaga, maliro sabata ndi sabata, mkamwini ali pakhonde ndi mawaya. Apongozi anga aakazi ankandiona ngati chilango.

Tsiku lina apongoziwo khutu linawavuta. Amvekere m'khutu mukuyenda chinthu, ndipo anali atagamula kale kuti wina wawaponyera. Tinawakweza panjinga, ine ndikukankha, mkazi wanga Esinati pambuyo atabereka mwana, mvumbi ukutinyowetsa mpaka kuchipatala.

Tinapeza magetsi atazima. Kachipinda koonera odwala kanali bii, chonsecho anali masana. Mwana anayamba kulira, Esinati n'kutuluka naye kukamuyamwitsa. Ndinatsala ndi apongozi awiriwiri, chinthu chimene kwathu sichichitika. Iwo anagona pabedi kuyang'ana kukhoma, n'kufunda chitenje mutu wonse, kungosiya khutu panja. Ine ndinaima pakhomo ndikuwerenga zala zanga zakumapazi.

Adokotala, bambo wamtali wa maso otopa, anatulutsa katochi m'thumba. Kakang'ono ngati bolopeni, kasiliva. Akapotokola kumutu kwake kuwala kumakwera pang'onopang'ono, akabweza kumatsika. Matochi amene ndinkadziwa ine anali oyaka ndi kuzima, basi. Mate anadzadza m'kamwa.

Asanayambe n'komwe, nesi anasuzumira.

"Dokotala, emergency! Mayi wina wakomoka pamzere!"

Adokotala anandiika katochi kaja m'manja.

"Ndi mayi anu, eti? Gwirani iyi. Itseguleni, muone m'kati ngati muli chimene chikuyenda. Ndikubwera."

Lero ndikudziwa kuti ankanena kutsegula kuja timatsegula wailesi, kuyatsa, ndipo m'kati mwakemo munali m'khutu. Koma mkamwini kusuzumira m'khutu mwa apongozi? Maganizo amenewo sanadutse n'komwe m'mutu mwanga. Ndinamva zimene mtima unkafuna.

Pabenchi ya pakhomo panali bambo wina wotupa phazi, akudikira kulowa. Anati dzina lawo ndi a Mulipa, ndipo nawonso amaseweretsa mawotchi akufa.

"Achimwene, mwayi wotere subwera kawiri," anatero akusendera kuti ndikhale. "Ine ndikuti muli mababu awiri, lalikulu ndi laling'ono."

"Ayi bambo, mababu awiri sangakwere pang'onopang'ono chonchi. Muli voliyumu ngati ya wailesi."

"Voliyumu m'tochi? Inu musandiseketse, phazi likupweteka."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa sipoko ya njinga yosulidwa kunsonga. Ine ndinayala mpango pabenchi. Tinamasula kumbuyo, timabatire tiwiri tinatuluka. Tinamasula kumutu, galasi, kenako babu. Limodzi lokha!

"Linalo labisala," a Mulipa anakakamira. "Lowani m'kati."

Tinatokosa ndi sipoko mpaka kamphete kanasololoka. M'kati mwa kampheteko munali kamzere kakuda kozungulira, ndi kachitsulo konga lilime kamene kamakhukhuza pamzerepo ukapotokola. Ndendende voliyumu ya wailesi!

"Mwaona? Mwaona, bambo?"

Kunena zoona, chaka chonse chimenecho ndi nthawi yokhayo imene ndinamva kuti nanenso ndine munthu.

Chimwemwe chija sichinakhalitse. Kasipuling'i kanalumpha, tswii, n'kugwera m'ngalande ya madzi a mvula. A Mulipa pofuna kuona pamene kanachokera anakoka kawaya kofiira, n'kuduka. Tinayesa kubwezera. Chimene chinatuluka mosavuta chinakana kulowa. Tili mkati molimbana, tinamva nsapato za adokotala. A Mulipa anavindikira mpango uja ndi chipewa chawo, ine n'kulumphira m'kachipinda muja, manja kumbuyo.

"Sorry, ndachedwa. Mwaona chiyani m'katimo?"

"Zambiri, adokotala."

"Zambiri? Chilipo chikuyenda?"

"Chilipo. Kachitsulo konga lilime. Kamakhukhuza pakamzere kakuda."

Chitenje chija pabedi chinagwedezeka.

"Kachitsulo?" adokotala anavula magalasi.

"Eya. Munalinso sipuling'i, koma yalumpha, sitinaipeze. Waya wofiira ndiye waduka. Koma si ine, ndi a Mulipa ali panjawa, anakoka kwambiri."

"Mwakoka? Mwalowetsamo chiyani?"

"Sipoko ya njinga."

"My God!"

Apongozi anadzuka ngati sanadwalepo, chitenje n'kugwa.

"Mayo ine! Ndinanena ine! Andiika mawaya m'mutu! Esinati! Esinati iwe! Mfiti ili m'nyumba mwanga momwe! N'chifukwa chake amakhalira mawaya pakhonde paja! Wandizula sipuling'i ine osamva n'komwe!"

Anthu a pamzere anakhamukira pakhomo. Agogo ena anayamba kupemphera mokweza. Bambo wina anati zoterezi anaziona kale ku Nguludi, munthu anatuluka misomali m'bondo. Esinati anadzipanikiza pakati pa anthuwo, mwana akadali kubere.

"Abambo a Joyisi, mwawatani amayi?"

"Sindinawakhudze! Ndingawakhudze bwanji apongozi?"

"Nanga sipoko?"

"Sipoko ndi ya a Mulipa!"

"A Mulipa ndi ndani? Mwaitana sing'anga m'chipatala?"

Adokotala anamenya tebulo.

"Chete nonse! Ndipatseni tochi ndione zimene mwaonongazo!"

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kugwira. Ndinatuluka pang'onopang'ono kupita pabenchi paja. A Mulipa kunalibe. Munthu wotupa phazi uja anali atafika kale kugeti, akuyenda bwinobwino, chipewa chake atachisiya. Ndinachotsa chipewacho, n'kunyamula mpango ndi manja awiri ngati nsembe, kukautula patebulo.

Galasi, babu, timabatire, kamphete, kawaya koduka.

Ngakhale agogo opemphera aja anaima pakati pa pemphero.

Ndikanakonda adokotala akanandikalipira. Sanatero. Anatola kababu kaja, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Tochi iyi inali yangayanga," anatero motsitsa mawu. "Anandipatsa malemu mchemwali wanga nditamaliza sukulu. Anthu onse ali pamzerewa, makutu awo, pakhosi pawo, ndiwaona ndi chiyani?"

Ndinafuna kunena kuti pepani. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Komatu muli voliyumu, adokotala."

Esinati anandiponda chala mpaka chikhadabo chinada.

Apongozi anawatulutsira pakhonde pamene pankawala pang'ono, anthu onse akuonerera. Anawathira timafuta m'khutu, n'kutsuka ndi madzi. Munatuluka kamphemvu kakang'ono, kakufa kale. Apongozi anakayang'ana mokhumudwa, kenako n'kuyang'ana ine mokhumudwa koposa.

Pobwerera mvumbi unali usanaleke. Ine ndinkakankha njinga, matope m'miyendo. M'thumba mwanga munali mpango uja, chifukwa adokotala anati ndiutenge, sakufunanso kuuona. Ndinaganiza za mzere wa anthu aja, ndi za nkhani imene idzafike kumudzi ife tisanafike.

Tikuyandikira kwathu tinadutsa pamanda, pomwe adzukulu ankakumba m'mvula momwemo. Apongozi anachotsa chitenje kukamwa, n'kulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti wokankha njinga amve.

"Esinati."

"Mayi."

"Tsiku langa likadzakwana, mwamuna wakoyu mudzamutume kutali. Asadzayandikire bokosi langa."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Wina adzangoti tsegulani tione nkhope, iye n'kuyamba kundimasula!"

Abale anga, akakuuzani kuti tsegulani, yambani mwafunsa kuti chiyani.